Mkono wa dayalisisi umayamba kusungidwa opaleshoni isanafike

Tsiku limene adokotala anauza atsibweni anga kuti akufunika fisitula, mayi akunyumba kwawo anaseka mpaka misozi, amvekere kodi amunanso amadwala fisitula? Sindikuwanena ayi, kwathu kuno kuchigwa mawu amenewa timawadziwa pa vuto la amayi aja amene mkodzo sumaleka kutuluka atavutika pobereka. Koma iyi ndi ina. Fisitula ya odwala impso si matenda, ndi njira imene adokotala amachita kupanga dala pamkono kuti magazi azitha kutuluka kupita mu makina osefa magazi, otchedwa dayalisisi, ndi kubwereranso mthupi. Ndalemba izi chifukwa ifeyo tinaphunzira mochedwa, ndipo chinatipweteka si opaleshoniyo ayi, ndi zimene zinachitika miyezi ingapo opaleshoni isanachitike, nthawi imene sitimadziwa nkomwe kuti pamkono pali chinthu chofunika kuchisunga.

Tiyambe ndi chifukwa chake amavutikira kucheka mkono. Makina a dayalisisi amakoka magazi ambiri, pafupifupi mamililita 300 pa mphindi imodzi, pena kuposa. Ndiye kuti botolo la Fanta lodzadza mphindi iliyonse, kwa maola 4. Mukawerengera ndi malita opitirira 70, zigubu za 20 lita zitatu ndi theka, chonsecho munthu wamkulu ali ndi magazi ngati malita 5 okha mthupi, ndiye kuti magazi omwewo amazungulira mmakinamo kopitirira ka 10. Kamtsempha kamene anesi amabayapo dilipi sikangapirire zimenezo, kamangophwa ngati kapaipi ka pulasitiki kopyapyala mukakayamwa mwamphamvu.

Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono apa chifukwa zonse timangoti mtsempha. Koma ilipo mitundu iwiri. Ina imachokera ku mtima, ili mkati, ndi yolimba, ndi ija imagunda mukagwira pamkono kumunsi kwa chala chachikulu, magazi ake ndi othamanga koma kuibaya kawirikawiri nkoopsa komanso ndi yobisika. Ina ndi yobweza magazi ku mtima, ija imaoneka yobiriwira pansi pa khungu, yosavuta kubaya koma yofewa ndipo magazi ake amayenda mwaulesi. Ndiye adokotala amangolumikiza iwiriyi, amaboola wogunda uja nkusokererapo wofewa uja. Magazi othamanga akayamba kudutsa mu wofewayo, pang'onopang'ono umakula, khoma lake limakhuthala, mpaka umafika poti ukhoza kubayidwa masingano awiri akuluakulu sabata ndi sabata kwa zaka. Nzeru imeneyi inachokera ku New York mu 1966, kwa madokotala James Cimino ndi Michael Brescia, ndipo amene ankasoka mitsemphayo anali Kenneth Appell. Isanabwere imeneyi kunali kapaipi ka Belding Scribner ka mu 1960 ku Seattle, kamene kankakhala kunja kwa khungu ndipo kankavuta ndi kutsekeka komanso mabala. Zaka zonsezi zadutsa koma njira ya 1966 ija sinapezeke yoiposa.

Mfundo imene anthu ambiri samaimva bwino ndi yoti fisitula siigwira ntchito tsiku lomwe yapangidwa. Imafuna kukhwima. Masabata 6 ndiye kuti yachita changu, zambiri zimatenga miyezi 2 kapena 3, zina kuposa, ndipo zina sizikhwima nkomwe moti amayenera kukonzanso kapena kupanga ina pamwamba pake. Madokotala ali ndi kawerengedwe kawo kosavuta kukumbukira, amati mtsempha ukule kufika mamilimita 6, usakhale mkati kupitirira mamilimita 6 kuchoka pakhungu, ndipo muzidutsa magazi mamililita 600 pa mphindi. Nchifukwa chake amafuna opaleshoniyi ichitike miyezi ngati 6 munthu asanayambe dayalisisi. Simudikira Shire asefukire kuti muyambe kusema bwato.

Nanga mudziwa bwanji kuti nthawi yayandikira? Mkabuku kanu ka kuchipatala, ngati anakuyezani magazi a impso, mumakhala nambala ya creatinine ndi ina yolembedwa eGFR. Ya eGFR ija ndi yosavuta, ili ngati maperesenti a ntchito imene impso zatsala nayo. Ikatsika kufika pakati pa 15 ndi 29 ndiye kuti ndi siteji 4, pansi pa 15 ndi siteji 5. Nkhani ya mkono imayenera kuyamba kukambidwa pa siteji 4, munthu akadali kuyenda yekha, akudya, mwina akupitabe kudimba. Vuto lake ndi lomwelo, munthu amene akupitabe kudimba ukamuuza zocheka mkono amakuona ngati wopenga. Impso zimafa mwakachetechete, BP ndi shuga zimazidya kwa zaka popanda ululu, kuno kwathu onjezanipo likodzo losachizidwa limene limatha kuwononga chikhodzodzo ndi njira za mkodzo mpaka mkodzo kubwerera ku impso. Pomwe miyendo izitupa, nseru, kuyabwa thupi lonse, befu, zinthu zimakhala zapita kale patali.

Ndisiyanitse kaye, pali ena impso zimaima mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kutsekula mmimba koopsa, mavuto a pakati kapena mankhwala azitsamba. Amenewo nthawi zambiri amangofunika makina kwa masiku kapena masabata ochepa impso nkudzukanso, safunika fisitula. Ndikunena za amene impso zawo zatha pang'onopang'ono ndipo sizibwereranso.

Tsopano za mkono, pamene pagona nkhani yanga yonse. Akangokuuzani kuti impso zafooka kwambiri, funsani kuti mkono wosunga ndi uti. Kawirikawiri amasankha umene simugwiritsa ntchito kwambiri, wamanzere kwa ambirife, wamanja kwa amanzere. Kuchokera tsiku limenelo mkono umenewo asabayepo dilipi, asatengepo magazi, kuyambira polumikizira dzanja mpaka pachigongono ndi kumtunda komwe. Akafuna magazi atenge kuseri kwa chikhatho, makamaka cha mkono winawo. Chifukwa chake nchoti kanyula aliyense, kapaipi ka dilipi kolowa mu mtsempha kaja, amasiya kachipsera mkati mwa mtsempha, kunja simuona kanthu koma mkatimo mwachepa kapena mwauma, ndipo mtsempha wa chipsera sufufuma. Choipa kwambiri nchoti mtsempha umene anesi amaukonda, uja wooneka bwino wodutsa mbali ya chala chachikulu, ndi womwewonso adokotala a opaleshoni amaufuna.

Atsibweni anagonekedwa kawiri miyezi ingapo opaleshoni isanachitike pachipatala china chakuno, BP itakwera, ndipo maulendo onse awiri dilipi inalowa pamkono wamanzere pomwepo, ikatupa amasunthira pamwamba pang'ono. Sindingawada anesi aja, usiku, odwala mbwee, munthu amabaya pamene paoneka, ndipo ifeyo magadiyani tinali chilili osanena kanthu poti sitimadziwa. Titafika ku Blantyre atawaunika ndi sikani anapeza kuti mtsempha wapamkono uja wauma ngati chingwe, anachita kukapanga fisitula pachigongono. Inagwira, tikuthokoza, koma malo amodzi anatayika chabe. Malo opangira fisitula pathupi la munthu ndi owerengeka, amayamba kumunsi dala kuti ikadzafa adzakwere mmwamba, ndiye ukayambira pachigongono wadya kale mbewu.

Ndiye chitani izi, pemphani adokotala alembe pachikuto cha kabuku kaja ndi zilembo zazikulu kuti mkono wakuti usabayidwe. Wodwala aziyankhula yekha, gadiyani aziyankhulanso, mwaulemu koma osachita manyazi. Kwathu kuno timaopa kuuza wa yunifolomu chochita, koma anesi ambiri ukawauza kuti mkonowu tikusungira fisitula ya dayalisisi amamva msanga. Ndipo a kumudzi nawo amve, mphini pamkono umenewo ayi. Achibale akaona munthu watupa amathamangira kotema mphini ndi kumwetsa zitsamba, impso zotsala pang'ono zija nkutheratu, khungu la pamkono nkukhala mabala.

Opaleshoni isanachitike adzakuyezani mikono yonse iwiri, kumanga kalamba kuti mitsempha itupe, kumva kugunda, kuyeza BP uku ndi uku, ndipo ngati sikani ilipo amayeza kukula kwake, amafuna wobweza magazi ukhale mamilimita 2.5 kapena kuposa, wogunda uja 2. Auzeni zonse ngakhale zooneka zazing'ono, ngati munathyokapo mkono, ngati anakuikanipo kapaipi pakhosi kapena pansi pa fupa la paphewa, ngati dzanja limachita dzanzi kapena kuzizira, ngati muli ndi vuto la mtima. Kapaipi kakale kaja kamatha kuchepetsa mtsempha waukulu wa mkati mwa chifuwa, ndiye akapanga fisitula mbali yomweyo mkono wonse umatupa ngati mtondo. Adzatenganso magazi kuona kuchuluka kwake, shuga, potaziyamu, komanso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, izi amayeza aliyense wolowa dayalisisi, musadabwe nazo.

Potaziyamu ndiimepo pang'ono chifukwa akhoza kukubwezetsani pakhomo la fiyeta mutawononga kale thiransipoti. Ndi mchere wina wa mthupi umene impso zodwala zimalephera kutaya, ukachuluka umasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo dokotala sangakuchekeni uli pamwamba. Umapezeka wambiri mu nthochi, mbatata, mbatatesi, matimati, mapeyala, nyemba, masamba. Sikuti musiye kudya zonsezi, a zakudya kuchipatala amakuuzani muyezo malinga ndi magazi anu, ndipo mbatata ndi masamba mukaziduladula nkuwiritsa mmadzi ambiri nkutaya madziwo potaziyamu amachepako. Koma chimene anthu samachiganizira ndi chidulo. Madzi a phulusa aja timathira mu therere ndi potaziyamu weniweni, kwa munthu wa impso zakufa ndi poizoni, mphika wake uzikhala wapadera. Za mchere wa patebulo ndi nsomba zouma zothira mchere mukudziwa kale, ndipo ngati mjigo wakwanu ndi uja wa madzi amchere, monga ilili yambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, auzeni adokotala.

Mankhwala onse amene mukumwa nyamulani mmapaketi ake, osangoti timapilisi toyera. A BP, a shuga, ma ARV, asipirini, warfarin ngati mumamwa, ngakhale azitsamba nenani. Ena amauza kuti muyambe mwaimitsa, ena musadumphe olo tsiku limodzi, osasankha nokha. Wa shuga afunse bwinobwino, chifukwa akakuuzani kuti musadye maola 6 opaleshoni isanachitike inu nkubaya insulin kapena kumwa mapilisi monga mwa masiku onse, shuga amatsika mpaka kukomoka pa benchi. Brufen, diclofenac ndi indosidi, aja timagula pa okala msana ukavuta, asiyeni, amapweteka impso. Panado ndiye amaloledwa pa muyezo wake. Fodya naye, wosuta kaya wa chingambwe, amafinya mitsempha ndipo fisitula ya wosuta imavuta kukhwima.

Opaleshoni yeniyeniyo si yoopsa monga anthu amaganizira. Nthawi zambiri sakugonetsani, amabaya jakisoni wa dzanzi pamalopo kapena kumtunda kuti mkono wonse ufe dzanzi, mumakhala mukumva akucheza. Ola limodzi kapena awiri zatha, bala lake ndi lalifupi ngati chala, ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Sambani bwino ndi sopo, osadzola mafuta pamkonopo, osameta nokha ndi lezala, vulani mphete ndi zibangili, valani malaya a manja otakasuka. Ngati pamkonopo pali chilonda, zipere kapena mphere, kapena thupi latentha, nenani msanga. Amene ali kale pa makina amawapangira tsiku losakhala la dayalisisi, kawirikawiri lotsatira lake magazi akadali oyera.

Kwa ife akuchigwa chovuta ndi ulendo. Makina a dayalisisi a boma amene tili nawo pafupi ali ku Queens ku Blantyre, ena ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo madokotala odziwa kusoka fisitula ndi ochepa mdziko muno, ndiye tsiku likaperekedwa si loti nkuliphonya. Wochokera ku Nsanje boma ali ndi makilomita pafupifupi 180, wa ku Makhanga kapena Muona ali ndi zakezake za mtsinje ndi msewu wa East Bank, ndipo tonse tikukumbukira namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023 mmene misewu inadukira. Tsiku lanu likagwera nthawi ya mvula kwerani msanga, masiku awiri kapena atatu, mukagone kwa achibale ku Ndirande kaya ku Chilobwe. Pobwerera musadzipanikize mu minibasi mkono wochekedwa uli kokanikizidwa ndi katundu kuchoka ku Blantyre kutsika zikhotakhota zonse zija mpaka pa Thabwa, khalani mbali yoti mkonowo upume pamiyendo, ndipo pa kabaza gwirirani ndi dzanja linalo. Kalata yotumizira kuchokera ku chipatala cha boma isaiwalike, ndi gadiyani mmodzi wamutu wogwira amene angakumbuke zonena adokotala.

Ndinenenso chinthu chowawa chimene banja liyenera kukambirana mkono usanachekedwe. Fisitula sichiza impso. Ndi khomo chabe lolowera ku dayalisisi, ndipo dayalisisi ndi kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wonse, pokhapokha munthu atapatsidwa impso ina. Kuchokera ku Bangula kawiri pa sabata, ndalama yake ndi thupi lake, ndi ochepa angakwanitse, ambiri amathera posamukira ku Blantyre. Atsibweni anasiya ng'ombe zawo ndi dimba mmanja mwa ana, zinawawawa kuposa mpeni. Funsaninso ku chipatalako ngati malo pa makina alipo, mumve ndondomeko yawo, kuti zonse ziyendere limodzi.

Nanga zikavuta, munthu wafika mochedwa kapena mitsempha ndi yaing'ono? Pali njira ziwiri zina. Ina ndi graft, kapaipi kofewa kochita kupanga kamene amakaika pansi pa khungu kulumikiza mitsempha iwiri ija, kamayamba kugwira ntchito pakatha masabata 2 mpaka 4 koma kamatsekeka ndi kutenga matenda msanga kuposa fisitula. Ina ndi katheta wa pakhosi, amene ambiri kuno amayambira chifukwa chofika mochedwa. Ameneyu amagwira ntchito tsiku lomwelo, palibenso zobayidwa masingano, moti odwala ena amamukonda nkumakana fisitula. Ine ndimawamvetsa koma sindigwirizana nawo. Nsonga ya kapaipi kameneka imakafika pakhomo pa mtima, mbali inayo ili panja pakhungu, ndiye tizilombo tikalowa timapita molunjika mmagazi. Sikafuna kunyowa, kusamba kwake nkopukuta, kumtsinje ayi, tsono ganizani thukuta la ku Ngabu mu October dzuwa likafika madigiri 40 ndi fumbi lake. Munthu wa katheta akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi, makamaka ali pa makina kapena atangochoka, musangoti ndi malungo nkukagula LA, akayezetse ndipo anene kuti ali ndi katheta.

Mukatuluka ku fiyeta ntchito imabwera kwa inu. Masiku oyamba mkono ukhale pamwamba, pa pilo kapena pa chitenje chopindapinda, kuti usatupe, bala likhale louma, ulusi ngati ndi wochotsa amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Musanachoke pemphani anesi akuphunzitseni kumva fisitula. Mukaika zala pang'ono pamwamba pa bala mumamva kunjenjemera kosalekeza, ngati foni ikulira mwakachetechete mthumba, mukaika khutu mumamva kuti fuuu fuuu. Kumeneko ndiye kuti ili moyo. Muzimva mmawa, masana ndi pogona. Kukangosiya, kapena kukasanduka kugunda kolimba kopanda kunjenjemera, nyamukani tsiku lomwelo, magazi aundana ndipo maola ndi amene amapulumutsa, za mawa palibe. Chimodzimodzi dzanja likazizira, kuyera, kuchita dzanzi kapena kupweteka kwambiri, ndiye kuti fisitula ikulanda magazi a zala, zimachitika makamaka kwa a shuga ndi achikulire. Bala likafiira, kutentha, kutuluka mafinya, chipatala. Likayamba kutuluka magazi kanikizani ndi nsalu yoyera mwamphamvu osasiya, kwezani mkono, wina apeze transipoti.

Mkono umenewo asayezepo BP, asabayepo, osaugonera, osautsamira ngati pilo, wotchi ndi malaya othina ayi. Masabata oyamba khasu, chikwanje, kupopa mjigo, kupalasa bwato, kunyamula chigubu, zonsezi zidikire mpaka adokotala avomere. Bala likapola mkono muziugwiritsa ntchito zopepuka, si wolumala ayi, ndipo ambiri amauzidwa kuti azifinya kampira kofewa kangapo patsiku kuti mtsempha ukule, ife tinangokulunga masokosi akale.

Za madzi akumwa ndi pamene kutentha kwathu kumasokoneza. Munthu wa impso amauzidwa kuchepetsa madzi kuti asatupe, koma thupi likauma kwambiri BP imatsika, magazi amayenda pang'onopang'ono ndipo fisitula yatsopano imatseka. Muyezo umene angamupatse munthu wa ku Zomba kapena ku Dedza sungafanane ndi wa munthu wogona pa Nchalo mu November, ndiye auzeni adokotala kumene mukukhala ndi mmene mumatulukira thukuta, akupatseni muyezo wanuwanu. Kutsekula mmimba kapena kusanza musakuchedwere, ndipo funsiranitu kuti mapilisi a BP muzitani tsiku ngati limenelo.

Atsibweni fisitula yawo inayamba kubayidwa patatha miyezi 3, katheta wa pakhosi amene anayambira dayalisisi anachotsa patapita masabata angapo ataona kuti masingano akuyenda bwino. Tsiku limenelo anasamba thupi lonse ndi ndowa, kuthira madzi kuyambira kumutu, koyamba pa miyezi yonse ija. Mtsempha uja pano watukuka ngati chingwe cha ng'ombe, akakwera minibasi anthu amaucheukira, iwo alibe nazo ntchito. Adzukulu akapita kukawaona ku Blantyre amalimbirana kugwira pachigongono paja, amati agogo anameza njuchi.